Zomvedwa ndi Zokumbukiridwa: Mbiri ya Ulamuliro wa Malemba a Chihindu

Zaka zoposa 3,000 zapitazo, m'dera la Punjab kumpoto chakumadzulo kwa India, alakatuli ankaimba nyimbo zotamanda Agni, mulungu wa moto, ndi Indra. Nyimbo 1,028 zinasonkhanitsidwa n'kukhala Rigveda, yoyamba mwa ma Veda anayi. Enawo ndi Samaveda, Yajurveda ndi Atharvaveda. Kwa zaka mazanamazana palibe anazilemba. Mwana ankakhala pansi pamaso pa mphunzitsi n'kumabwereza mpaka mawuwo atakhazikika.

Njira yolowezera inali yogometsa. Mwana akaloweza mzere, ankaudula liwu lililonse palokha. Kenako ankauluka: liwu loyamba ndi lachiwiri, lachiwiri ndi loyamba, n'kubwereranso loyamba ndi lachiwiri, chimodzimodzi mpaka mzere wonse utatha. Liwu likagwa kapena kusintha kamvekedwe, ulukowo unkasokonekera ndipo mphunzitsi ankadziwa pomwepo. Mu 2003 bungwe la UNESCO linaika kaimbidwe kameneka m'gulu la chuma cha anthu onse.

Ma Veda, pamodzi ndi ma Upanishad amene ali kumapeto kwake, Ahindu amawatchula kuti shruti, zomvedwa. Malemba ena onse olemekezeka ndi smriti, zokumbukiridwa: Mahabharata, Ramayana, ma Purana ndi mabuku a malamulo monga Manusmriti. Smriti ali ndi eni ake, anthu amene anawapeka. Nanga shruti?

Apa anzeru anagawanika. A gulu la Mimamsa, otsatira Jaimini, ankati Veda ilibe mwini, ngakhale mulungu sanaipeke. Bodza ndi kulakwitsa zimachokera kwa wolankhula, ndiye mawu opanda wowalankhula sanganame. A gulu la Nyaya anakana. Kwa iwo mawu amadalirika chifukwa cha wowanena, ndipo m'kupita kwa nthawi anati wonena Veda ndi Ishvara, Mulungu.

Chimene chimandikoka mtima n'chakuti anthuwa sankameza zilizonse. Lamulo la Jaimini linali lakuti smriti ikasemphana ndi shruti, smritiyo itayidwe. Ikapanda kusemphana, tiganize kuti inachokera ku mawu ena a Veda ngakhale sitikuwaona. Shabara, amene anamasulira chiphunzitso cha Jaimini, anapereka chitsanzo cha nsanamira ya mtengo wa mtundu wa mkuyu imene imazikidwa pamalo a nsembe. Veda imati woimba aikhudze poimba. Smriti ina imati nsanamira yonse ikulungidwe nsalu. Ndiye aikhudza bwanji? Shabara sanapite m'mbali: lamulo lachiwirilo, iye anati, linayamba ndi ansembe osirira nsalu. Munthu wokhulupirira kwambiri malemba ndiye amene anafunsa kuti ndani akupindula ndi lamuloli.

Wanzeru wina, Shankara, cha m'ma 700, anaikira shruti malire. Iye anati ulamuliro wa shruti uli pa zimene maso ndi makutu sangafike, ndipo ngakhale malemba atachuluka chotani sangasandutse moto kukhala wozizira. Koma iye yemweyo anamasuliranso Bhagavad Gita, ya ndime 700, imene ili mkati mwa Mahabharata, kutanthauza kuti ndi smriti. Ndipo zoona zake n'zakuti moyo wa Mhindu wamba waumbidwa kwambiri ndi zokumbukiridwa. Nkhani za Rama ndi Krishna zili pakamwa pa aliyense, pamene Chisanskrit chakale cha Veda amachimva ndi ochepa. Ngakhale kuphunzira Veda kumene, mabuku a malamulo ankaletsa anthu a gulu la pansi lotchedwa Shudra.

Angerezi atafika, smriti inalowa m'khoti. Mu 1772 mkulu wina wa Angereziwo, Warren Hastings, analamula kuti milandu ya Ahindu ya ukwati ndi chuma cha masiye iziweruzidwa potsata malemba awo, ndipo mu 1794 William Jones anamasulira Manusmriti m'Chingerezi. Buku limene linali limodzi mwa ambiri, lomwe akatswiri ankatsutsana nalo, linayamba kuoneka ngati lamulo la Ahindu onse.

Ofuna kusintha zinthu anamenya nkhondo yawo ndi malemba omwewo. Ram Mohan Roy anatsutsa mwambo wa sati, wowotcha mkazi wamasiye pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake, posonyeza kuti malemba aulamuliro waukulu sakakamiza zimenezo. Mwambowo unaletsedwa mu 1829. Ishwar Chandra Vidyasagar anagwiritsa ntchito Parashara Smriti kuti akazi amasiye aloledwe kukwatiwanso, ndipo lamulo linadutsa mu 1856. Dayananda Saraswati, amene anayambitsa Arya Samaj mu 1875, anati anthu abwerere ku Veda.

B. R. Ambedkar, wobadwira m'gulu la anthu amene ankati ndi osayenera kukhudzidwa, sanafune kupikisana pa ndime. Pa 25 Disembala 1927, ku Mahad, iye ndi anzake anatentha Manusmriti poyera. Patapita zaka 20 anasankhidwa kutsogolera komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la India, amene ndime yake ya 17 inathetsa tsankho limenelo pamaso pa lamulo.