Gitala la Paul Ngozi

Omvera athu a ku Mkanda ndi m'maboma onse, lero tiwoloke malire tikafike ku Lusaka. Kumeneko Paul Ngozi, atachoka m'gulu la Musi-O-Tunya, adayambitsa gulu la Ngozi Family. Gitala lake linkalira mwaukali, iye akuimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja za moyo wa m'makomboni. Mu 1976 gululi lidatulutsa chimbale cha Day of Judgement, ndipo mu 1977 cha 45,000 Volts. Mtengo wa mkuwa utagwa, anthu adasowa ndalama zogulira zimbale, magulu ambiri nabalalika. Ngozi adamwalira mu 1989. Komabe mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America adatapako mawu m'nyimbo ya gululi ya Nizakupanga Ngozi, Chinyanja nkumveka maiko akutali.