Munthu akadzipha m'chitokosi kapena kundende, mlandu ndi wa ndani?

Nkhani yoti woganiziridwa wadzipha m'chitokosi ikangotuluka pa Facebook, ambiri amangoti "wadzipha yekha, basi yatha". Ayi ndithu, pamalamulo nkhani imakhala itangoyamba kumene. Kaya m'bale wanu akusungidwa kupolisi ya Neno, pa Zalewa, kapena wapita kundende ya Mwanza kapena Chichiri, moyo wake uli m'manja mwa boma.

Malamulo akuti chiyani?

Gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limateteza moyo wa munthu aliyense, ngakhale mkaidi. Gawo 42 likuti womangidwa asungidwe mwaulemu, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, boma ndi lomwe lilipire. Akuyeneranso kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'zipinda zopanda mpweya wabwino ndi nkhanza, ndipo linakana zoti kusowa ndalama kungakhale chozembera cha boma. Nawo malamulo a United Nations a 2015, otchedwa Nelson Mandela Rules, akuti mkaidi akangolowa awonedwe ndi wachipatala, kuphatikizapo ngati ali ndi maganizo odzipha.

Ndiye boma limalakwa pati?

Funso la khoti ndi ili: kodi omusunga ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti munthuyo angadzivulaze, nanga anachitapo chiyani? Ngati analankhulapo zodzipha, ankadwala matenda a m'maganizo, kapena abale anachenjeza, koma iwo n'kumusiya osamuyang'anira, kumeneko ndi kunyalanyaza udindo ndipo banja likhoza kupempha chipukuta misozi. Ngati panalibe chizindikiro chilichonse, mlanduwo umavuta.

Ku England, pa mlandu wa Reeves mu 1999, khoti linapeza apolisi a ku London olakwa chifukwa ankadziwa za vuto la mkaidi koma anasiya kazenera ka pachitseko kotsegula. Chipukuta misozi anachidula ndi theka poti womwalirayo anachita dala. Makhoti athu amatha kutengerapo nzeru pa zigamulo za ku England.

Osangomva za apolisi zokha

Imfa ya m'chitokosi kapena kundende imayenera kufufuzidwa ndi majisitireti, ndipo mtembo upimidwe. Kumbukirani Buleya Lule, yemwe anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litalowererapo, dokotala Charles Dzamalala anapeza kuti anazunzidwa ndi magetsi, ndipo mu 2020 apolisi angapo anamangidwa. Pakanapanda kupimako, choonadi chikanakwiriridwa limodzi ndi mtembo.

Zikakugwerani, chitani izi

1. Musathamangire maliro mtembo usanapimidwe, ndipo pemphani lipoti lake.
2. Lembani tsiku lomwe anamangidwa, lomwe munamuona komaliza, ndi omwe anali naye m'chitokosi.
3. Sungani buku lake lakuchipatala.
4. Ngati wafera kupolisi, kadandauleni ku Independent Complaints Commission. Ngati ndi kundende, kuli Inspectorate of Prisons. Human Rights Commission imalandira madandaulo onse awiri.
5. Mulibe ndalama ya loya? Pitani ku Legal Aid Bureau. Wosumiridwa amakhala Attorney General m'malo mwa boma, ndipo amayamba walemberedwa kalata. Musachedwe, milandu yotereyi ili ndi malire a nthawi.

Chachikulu n'kupewa. M'bale wanu akamangidwa ndipo mukudziwa kuti amamwa mankhwala a m'maganizo kapena anayesapo kudzipha, auzeni apolisi tsiku lomwelo, pamaso pa mboni, ndipo alembe. Inunso ngati maganizo otere akukuvutani, musakhale nawo nokha. Uzani munthu amene mumamudalira ndipo pitani pachipatala cha Neno kapena cha Lisungwi, akakuthandizani.