Nthawi Yoyenera Kusiya Pakati pa Ndege Yochokera Kunja ndi Ndege ya M'kati mwa Dziko

Chidziwitso ichi ndi cha Amalawi onse amene ulendo wawo wa pandege suthera pa bwalo limene afikirapo koyamba kunja kwa dziko lino, koma ayenera kukweranso ndege ina yopita ku mzinda wina wa m'dziko lomwelo. Ambiri amadzera ku Johannesburg popita ku Cape Town, Durban kapena Gqeberha. Ena ndi ophunzira, ogwira ntchito m'boma, amalonda ndi odwala okalandira chithandizo, amene ulendo wawo umafika mpaka ku Britain, ku America kapena ku mayiko ena a ku Ulaya.

Aliyense amene anakwerapo basi yopita ku Joni amadziwa kuti pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge basi imaima, anthu amatsika, ziphaso zimadindidwa, katundu amaunikidwa, ndipo palibe dalaivala amene angalonjeze ola lenileni lonyamukira. Paulendo wa pandege malire otere aliponso, kungoti ali m'kati mwa nyumba. Bwalo la ndege limene munthu wafikirapo koyamba m'dziko la eni ndiwo malire a dzikolo. Choncho nthawi imene ili pakati pa ndege ziwirizo si yokhala pampando n'kumadikira ayi. Ndi nthawi yolowera m'dziko, ndipo iyenera kuwerengedwa motero pogula tikiti.

Zimene zimachitika pa bwalo la OR Tambo

Ndege yochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre imatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperapo pang'ono kuti ifike pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg. Ola limene lalembedwa pa tikiti ndi loti ndege yafika, osati loti wapaulendo watuluka. Kutsika kokha kumadya nthawi, makamaka kwa amene akhala kumbuyo kwa ndege, ndiponso pamene ndege yaima patali moti anthu ayenera kutengedwa pa basi kupita ku nyumba yofikira.

Akalowa m'nyumbamo, wapaulendo amaima pa mzere wa oona za anthu olowa m'dziko. Kuyambira mu April 2023 ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority. Mwini pasipoti ya Malawi amaloledwa kukacheza ku South Africa kwa masiku 30 popanda viza, koma pasipotiyo iyenera kukhala ndi masamba awiri osadindidwa, ndiponso ikhale yogwirabe ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera tsiku limene mwiniwake adzatuluke m'dzikomo. Mzere umenewu ndiwo sudziwika kutalika kwake. Tsiku lina munthu amadutsa m'mphindi zochepa. Tsiku lina ndege zikuluzikulu zochokera ku Ulaya ndi ku Middle East zimatera motsatizana, ndipo anthu mazana angapo amafika pa mzere umodzi nthawi imodzi. Amene wafunsidwa za kalata yomuitana, malo okagona kapena tikiti yobwerera, n'kuyamba kufufuza mu foni imene ilibe intaneti, amadzichedwetsa yekha ndi onse amene ali pambuyo pake. Ndi bwino kusindikiza mapepala otere musananyamuke.

Chotsatira ndi katundu. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa pa Kamuzu kapena pa Chileka chikwama chingathe kumatidwa kapepala kolembedwa CPT, kusonyeza Cape Town, ndipo mwini wake amaganiza kuti akachipeza kumeneko. Koma a msonkho wa katundu wolowa m'dziko, amene ku South Africa ali pansi pa bungwe la SARS, amaona katundu pa bwalo lofikirapo koyamba. Wapaulendo ayenera kudikira chikwama chake pa lamba wa katundu, kuchitenga, kudutsa nacho pa a msonkho, kenaka n'kuchiperekanso kwa kampani ya ndege yachiwiri. Njira zotulukira ndi ziwiri: yobiriwira kwa amene alibe chofunika kuulula, ndi yofiira kwa amene ali nacho. Ife Amalawi sitipita kwa abale chimanjamanja. M'chikwama mumakhala mpunga wa Kilombero, usipa, nyemba, mtedza. Zakudya zochokera ku nyama ndi ku zomera zili ndi malamulo ake, ndipo amene wazinyamula ayembekezere kuti chikwama chake chingatsegulidwe. Kutsegula, kufotokoza ndi kumanganso zonse zimafuna nthawi imene sinalembedwe pa tikiti.

Ndege zochokera kunja zimagwiritsa ntchito Terminal A, pamene za m'kati mwa dziko zimanyamukira ku Terminal B. Mbali ziwirizi n'zolumikizana ndipo munthu amayenda wapansi osatuluka panja, koma mtunda wake si waufupi kwa wokalamba, wodwala kapena mayi amene wabereka mwana uku akukankha ngolo ya katundu. Atapereka chikwama, wapaulendo amadutsanso pa achitetezo, kenaka n'kufunafuna khomo lokwerera ndege yake.

Kuwerengera kwake kuli motere. Tinene kuti tikiti ikusonyeza kufika 13:00 ndi kunyamukanso 15:00. Pa pepala amaoneka maola awiri athunthu. Koma makampani a ndege za m'kati mwa dziko amasiya kulandira katundu kutatsala mphindi pakati pa 30 ndi 45 kuti ndege inyamuke, malinga ndi kampani yake, ndipo khomo lokwerera limatsekedwanso ola lonyamukira lisanakwane. Ngati kauntala itsekedwa 14:15, nthawi yeniyeni imene munthu ali nayo ndi ola limodzi ndi mphindi 15 zokha, ndipo m'menemo muyenera kulowa kutsika ndege, mzere wa ziphaso, kudikira chikwama, a msonkho ndi kuyenda kupita ku Terminal B. Ndege yoyamba ikangochedwa ndi theka la ola, ulendo wachiwiri watayika.

Tikiti imodzi kapena matikiti awiri

Funso lofunika kwambiri kufunsa wogulitsa tikiti si la mtengo wokha, koma lakuti ulendo wonse uli pa tikiti imodzi kapena ayi.

Ulendo ukakhala pa tikiti imodzi, yokhala ndi nambala imodzi yosungitsira malo, kampani ya ndege yavomera kukufikitsani kumene mukupita. Makina ogulitsira matikiti salola kulumikiza ndege ziwiri ngati nthawi ya pakati ndi yochepera pa mlingo umene unaikidwa pa bwalo limenelo. Ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampani imakuikani pa ndege yotsatira imene ili ndi malo popanda kulipiranso. Komabe mlingo umenewu ndi wa tsiku limene zonse zayenda bwino, kwa munthu wamphamvu wodziwa njira. Kuti makina alola kugulitsa tikitiyo sizitanthauza kuti nthawiyo ikukwanirani inuyo. Ndipo ndege yotsatira yokhala ndi malo ingathe kukhala ya mawa lake.

Matikiti awiri ogulidwa padera ndi nkhani ina. Ambiri amagula ya Lilongwe kupita ku Johannesburg kwa wogulitsa matikiti, kenaka n'kugula pa intaneti ina yotsika mtengo yopita ku Cape Town. Palibe cholakwa pamenepo, ndipo nthawi zambiri ndalama zimapulumukadi. Koma kwa kampani yachiwiriyo inu ndinu munthu amene ulendo wake ukuyambira ku Johannesburg, chimodzimodzi amene wachokera ku Soweto pa galimoto. Mukachedwa, chifukwa chake sichiwakhudza. Malo anu amatayika, ndipo tikiti yogula tsiku lomwelo imakhala yokwera mtengo kuposa ndalama zimene munapulumutsa. Choopsa china n'chakuti makampani ambiri, munthu akapanda kukwera gawo loyamba la tikiti yopita ndi kubwerera, amafafaniza magawo otsalawo, kuphatikizapo ulendo wobwerera.

Pali ndi nkhani ya kulemera kwa katundu. Tikiti ya ulendo wa kunja imalola katundu wambiri kuposa ya m'kati mwa dziko. Matikiti otsikitsitsa mtengo a kampani ngati FlySafair amalola kachikwama ka m'manja kokha. Chikwama chachikulu chimalipiridwa padera. Amene wazindikira zimenezi ali kale pa kauntala amapita kukaima pa mzere wina wolipirira, wotchi ikuyendabe.

Poganizira zonsezi, langizo kwa apaulendo ndi lakuti pa tikiti imodzi asiye maola osachepera atatu pakati pa ndege yochokera kunja ndi ya m'kati mwa dziko, ndipo pa matikiti awiri asiye maola anayi kapena kuposerapo. Oyenda ndi ana aang'ono, okalamba, odwala ndi magulu akuluakulu monga a mpingo kapena a masewera awonjezerepo ola lina. Amene akupita ku chinthu chosasunthika, monga tsiku loonana ndi dokotala, mayeso, mlandu kapena maliro, asasankhe ndege yomaliza ya tsikulo. Kukhala maola anayi pa bwalo la ndege n'kotopetsa, koma mtengo wake ndi kapu ya tiyi basi.

Nyengo nayo iganiziridwe. Kuyambira October mpaka March ku Johannesburg kumagwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali, kawirikawiri masana ndi madzulo, ndipo ziphaliwali zikachuluka ogwira ntchito panja amasiya kutsitsa katundu mpaka kutachita bata. Mu December ndi pa Pasaka mizere imatalika ndipo ndege za ku Cape Town ndi Durban zimadzaza, moti wophonya ndege savuta kugona pa bwalo.

Onetsetsaninso zilembo zitatu zosonyeza bwalo. JNB ndi OR Tambo. HLA ndi Lanseria, bwalo lina la Johannesburg lomwe lili pa mtunda wa makilomita oposa 50 kuchokera ku OR Tambo, ndipo ndege zina zopita ku Cape Town ndi Durban zimanyamukira kumeneko.

Mayiko ena

Ku America lamulo lake ndi lofanana ndi la ku South Africa, koma lolimba kwambiri. Amene watera ku Washington Dulles, Newark kapena Chicago popita ku mzinda wina amafunsidwa mafunso ndi a Customs and Border Protection pomwepo, amatenga katundu wake, amamuperekanso, n'kudutsanso pa achitetezo. Botolo la mafuta onunkhira kapena chakumwa choposa mamililita 100 chimene munagula m'sitolo za pa bwalo la Addis Ababa chilowetseni m'chikwama chachikulu musanachiperekenso, kuopa kuti chingakakanidwe pa achitetezo. Kumeneko maola atatu ndi poyambira chabe.

Ku Britain, wopita ku Manchester, Edinburgh kapena Glasgow kudzera ku Heathrow amadinditsa pasipoti ku Heathrow komweko. Pa tikiti imodzi katundu kawirikawiri amapitirira yekha, koma bwaloli lili ndi nyumba zinayi zotalikirana: ndege za Ethiopian Airlines zimafikira ku Terminal 2, pamene za British Airways zambiri zimanyamukira ku Terminal 5, ndipo pakati pake pamafunika basi kapena sitima. Heathrow ndi Gatwick ndi mabwalo awiri osiyana, ngakhale onse amatchedwa a ku London.

M'mayiko a Schengen, ulendo wochokera ku Brussels kupita ku Berlin umatengedwa ngati wa m'kati mwa dziko limodzi. Pasipoti imaonedwa pa bwalo loyamba. Kuyambira pa 12 October 2025 mayikowa anayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yotchedwa Entry/Exit System, imene imajambula nkhope ndi zidindo za zala za alendo, ndipo amene akulembetsa koyamba amatenga nthawi yotalikirapo.

Maola onse olembedwa pa tikiti ndi a kumalo kumene ndege ikunyamukira kapena kufikira. Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, koma Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi. Kudikira kotalika kwambiri nako kuli ndi zake: Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo amene wakhala maola oposa 12 pa bwalo la kumeneko angafunsidwe chiphaso cha katemera akafika ku South Africa.

Pobwerera kumudzi

Ulendo wobwerera umatembenuza zinthu: ndege ya m'kati mwa dziko ndiyo imayamba. Makauntala a ndege zopita kunja amatsekedwa msanga, kawirikawiri kutatsala ola lathunthu, ndipo pali mzere wodinditsa pasipoti potuluka. Ndege zochokera ku Johannesburg kubwera ku Lilongwe ndi Blantyre ndi zochepa pa tsiku, choncho amene wachedwa kuchokera ku Cape Town nthawi zambiri amadikira mpaka mawa. Kwa amene wakhala kale masiku 30 onse, tsiku limodzi lowonjezeralo limamusandutsa munthu wopitirira masiku ololedwa, ndipo malamulo a South Africa amalola kumuletsa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi ndithu. Musaike tsiku lobwerera pa tsiku lomaliza la chilolezo chanu.

Mukaona kuti ndege yachiwiri yakusiyani, musatuluke pa bwalo musanalankhule ndi kampani imene ili pa tikiti yanu. Pitani pa kauntala yawo nthawi yomweyo, sonyezani chiphaso chokwerera ndege yoyamba ndi kapepala ka katundu, ndipo pemphani kuti magawo otsala a ulendo wanu asafafanizidwe. Ngati kuchedwako kwachokera kwa kampani, pemphani kalata yotsimikizira zimenezo, ndipo sungani malisiti a chakudya ndi malo ogona, chifukwa a inshuwalansi ya paulendo amawafuna. Amene wataya pasipoti kapena wakanizidwa kulowa m'dziko la South Africa adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ofesi yoimira dziko lino ku Johannesburg.