Supuni ya m'ndege: munaitenga, munaitola kapena munaiba?

Chichewa chili ndi aneni ambiri onena ntchito za dzanja. Dzanja limatenga, limatola, limatapa, limalandira, limabwereka, limasolola, limapisa, limatsomphola, limalanda ndiponso limaba. Mneni aliyense pamenepa amatiuza kanthu za mwini chinthucho: ngati analipo, ngati anaona, ngati anavomera. Wotsomphola amachita mwini akuona koma asanakonzeke. Wosolola amadikira kuti maso a mwini ayang'ane kwina. Wobwereka walonjeza kubweza. Chimene chikundidetsa nkhawa m'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Kanyama ndi ku George mpaka ku Mtendere, n'chakuti aneni onsewa akumezedwa ndi mmodzi yekha, kutenga. Ndipo palibe pamene ndimamva zimenezi kwambiri kuposa pa nkhani ya tinthu ta m'ndege.

M'nyumba zambiri za anthu achikulire ku Matero, ku Chawama ndi ku Kalingalinga muli kabati yagalasi yosungamo mbale za alendo. Mukayang'anitsitsa, nthawi zina mumaona kasupuni, kakapu, kathireyi kapena chikwama chapaphewa cholembedwa dzina la Zambia Airways. Sizodabwitsa. Kampaniyo sinali ya oyendetsa ndege okha. Inali ndi osesa, onyamula katundu, ophika, ochapa, alonda ndi madalaivala, ndipo anthu otere kwawo kumakhala kukomboni. Ine zinthu zimenezi ndimazikonda, ndipo ndimafuna kuti zisungidwe. Koma mdzukulu akafunsa kuti, "Agogo, supuni iyi inabwera bwanji kuno?" yankho limakhala limodzi paliponse: "Tinatenga m'ndege." Mwanayo sadziwa ngati agogo ake anapatsidwa, anagula, kapena anabisa m'thumba la jekete.

Zambia Airways inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, chaka chomwecho chimene Air Malawi inabadwa. Mu 1967 inaima payokha mothandizidwa ndi Alitalia ya ku Italy, ndipo kuyambira 1975 inathandizidwa ndi Aer Lingus ya ku Ireland. Likulu lake linali ku Ndeke House mu msewu wa Haile Selassie, nyumba imene lero muli Unduna wa Zaumoyo. Mu 1984 inalandira ndege yaikulu ya mtundu wa DC-10 imene inatchedwa Nkwazi, mbalame ija ili pa mbendera yathu, ndipo mu 1988 ndegeyo inayamba kupita ku New York. Mu December 1994, ngongole zitaifika m'khosi, kampaniyo inatsekedwa ndipo antchito ake anabwerera kunyumba. Dzinalo linadzauka mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, koma imeneyo ndi kampani ina. Choncho kasupuni ka m'kabati kaja ndi mboni ya chinthu chimene chinatha zaka zoposa 30 zapitazo. Mboni yotere imafunika mawu olondola.

Tiyambe ndi mneni wosavuta, kupatsidwa. Pali zinthu zimene kampani ya ndege imakupatsani kuti zikhale zanu: chiphaso chokwerera ndege, kapepala komata pa sutikesi, masokosi ndi mswachi za pa ulendo wautali, zoseweretsa za ana, nthawi zambiri ndi magazini yomwe, monga ija ya Proflight Zambia imene nayonso imatchedwa Nkwazi. A KLM a ku Netherlands akhala akupatsa okwera m'chipinda chodula tinyumba tadothi topaka buluu ndi zoyera kuyambira m'ma 1950, ndipo chaka chilichonse pa 7 October, tsiku limene kampaniyo inabadwa mu 1919, amatulutsa kanyumba katsopano. Munthu amene ali ndi kanyumba kotere anene kuti, "Ndinapatsidwa." Akanena kuti "ndinatenga" akudzichotsera yekha ulemu, chifukwa womva sangamusiyanitse ndi wosolola. Ndipo ngati mukukayika, alipo mneni wina amene makolo anatisiyira, kupempha. "Pepani mayi, kodi kakapu aka ndingapite nako?" Wantchito wa m'ndege akavomera, mwapatsidwa. Akakana, mwadziwa mwini wake.

Kutola ndiye kumene anthu amakupotoza kwambiri. Timatola chinthu chimene chagwa, chili pansi, ndipo mwini wake sakuoneka. Timatola mango ogwa okha, timatola ndalama panjira, ndipo wamwayi timati watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Koma bulangete lopindidwa bwino pa mpando wa ndege silinagwe. Linaikidwapo ndi munthu amene analiwerenga, ndipo ndege ikatera lidzawerengedwanso, kuchapidwa ndi kuikidwa pa mpando wina. Supuni yachitsulo yobwera ndi chakudya sinasochere. Mwini wake ndi yemwe uja akubwera ndi kangolo kudzatolera mathireyi. Kunena kuti "ndinatola bulangete m'ndege" ndi kulakwitsa chinenero musanalakwitse china chilichonse. Ngakhale foni imene mnzanu waiwala pa mpando, imene ingatoledwedi, mwambo wathu umati wotola amalengeza. Kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza munthu akatola khasu panjira amafunsa kuti ndani wataya, kapena amakalisiya kwa anyakwawa. Wotola n'kukhala chete mwini ali pafupi, dzina lake limasintha.

Tsono pali anthu amene amasunga zinthu za ndege mwadala, ngati ntchito ya mtima wawo. Ena amasunga matikiti akale olembedwa pamanja, ena timabuku ta nthawi zonyamukira ndege, ena mabaji ndi zipewa za oyendetsa, ena zithunzi. Munthu wina wa ku Netherlands, Niek Vermeulen, analowa m'buku la Guinness chifukwa chosunga timatumba tosanziramo toposa 6,000 ta makampani osiyanasiyana. Anthu otere timati amasonkhanitsa. Sitinena kuti amaunjika, chifukwa kuunjika ndi kuika pamodzi popanda dongosolo, monga zovala za salaula pa msika wa Soweto. Wosonkhanitsa amadziwa chilichonse kumene chinachokera ndi chaka chake. Ndamva achinyamata ena pa wailesi akunena kuti munthu wotere "amatolera" zinthu za ndege. Kutolera kuli ndi malo ake: timatolera msonkho, timatolera chopereka cha maliro, timatolera mbale anthu akatha kudya. Wotolera amatenga kwa anthu ambiri n'kukapereka kwina. Wosonkhanitsa amasunga yekha.

Kwa amene akufunafuna lero zotsala za Zambia Airways yakale, kapena za Air Malawi imene inathetsedwa mu 2013, ine ndikuona kuti mneni wowayenera ndi kukunkha. Wokunkha amalowa m'munda mwini atakolola kale, natola mtedza umene unatsalira m'nthaka, ndipo palibe amene amamuloza chala. Wogula kapu ya Zambia Airways kwa mayi wamasiye wa ku Chawama, kapena wolandira yunifolomu ya malemu atate ake amene ankanyamula katundu pa bwalo la ndege, akukunkha. Koma wolowa m'munda mtedza usanakumbidwe sakukunkha ayi, ngakhale atatenga dzanja limodzi lokha. Ndege imene ikuulukabe ndi munda wosakolola.

Tifike pa mneni amene anthu amamuthawa. Kutenga chinthu cha mwini mobisa, iye asanalole, ndi cholinga chosabweza, ndi kuba. Kukula kwa chinthucho sikusintha mneni. Chichewa chimatipatsanso mpata wofunsa funso lina, chifukwa kuba kumabala kubera, ndipo kubera kumafuna munthu. Mwabera yani? Anthu amayankha kuti kampani ndi yolemera, singamve kupweteka ndi supuni imodzi. Mwina pa supuni zili choncho, ngakhale kuti katundu akapereŵera amene amafunsidwa ndi wantchito wamng'ono. Koma pansi pa mpando wa ndege zambiri pali jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, ndipo m'thumba la mpando muli khadi losonyeza makomo othaŵira ndi mavalidwe a chopumira mpweya. Zinthu ziŵirizi anthu ena amazisolola kuti zikakhale zokumbukira ulendo. Wochotsa jekete ija sanabere kampani. Wabera munthu amene adzakhale pa mpando womwewo ndegeyo ikamadzadutsa pamwamba pa nyanja, munthu amene sadzadziwa kuti pansi pake palibe kanthu mpaka nthawi imene akuifuna. Ndiponso antchito akazindikira kuti jekete yasowa, ndege imatha kuchedwa kunyamuka mpaka ina ipezeke. Pamenepa sindilola kuti tinene "anatenga". Tinene kuti anaba, ndipo tinene amene anaberedwa.

Taonani kuti ine ndemwe ndalemba kuti "jekete yasowa". Umu ndi mmene antchito amanenera asanadziwe chimene chachitika, ndipo akulondola. Koma wodziwa akamalankhula choncho akubisa munthu. Chinenero chathu chili ndi njira ziŵiri zonenera chinthu chochitikira china. Tikati mbale yaswedwa, alipo anaiswa. Tikati mbale yasweka, taleka kufunsa za munthu. Kachidutswa kakang'ono ka kumapeto kwa mneni, -dwa kapena -ka, ndi kamene kamasunga kapena kutaya wochita. Tsono mverani mmene timafotokozera tinthu ta m'ndege. "Linapezeka m'chikwama." "Inatsalira m'thumba." "Kanabwera ndi amalume." Bulangete silibwera ndi munthu ngati mlendo. Munthu ndiye amabwera nalo. M'ziganizo zonsezi chinthu chopanda miyendo ndicho chasanduka mwininkhani, ndipo dzanja limene linachinyamula lachoka m'chiganizo. Ana amene akukula akumva zimenezi adzalankhula chimodzimodzi za mankhwala a kuchipatala ndi simenti ya sukulu.

Pamwamba pa izi pali mawu aja a m'tauni akuti "ni va boma", kutanthauza kuti zilibe mwini. Zambia Airways yakale inalidi ya boma. Sindikunena kuti inagwa chifukwa cha masupuni. Inagwa ndi ngongole ndi kayendetsedwe kake, pa nthawi imene boma la a Frederick Chiluba linkagulitsa kapena kutseka makampani a boma. Chimene ndikukana ndi galamala ya mawuwo. Kachilembo ka umwini, kaya "za" kaya "va", ntchito yake ndi kuloza mwini. Sikangaloze mwini n'kumanenanso kuti mwini palibe.

A Virgin Atlantic a ku Britain anaona kuti timabotolo tawo ta mchere ndi tsabola, topangidwa ngati tindege, tinkapita m'matumba a okwera. Anasankha kulemba pansi pa timabotoloto mawu onena kuti kanthuka kanabedwa kwa iwo. Ambiri amaitenga nkhaniyi ngati chilolezo. Ine chimene ndimaonapo n'chakuti ngakhale eni ake, posekerera, sanasinthe mneni. Ndipo chimene kampani imodzi yalekerera pa mchere sichikhudza bulangete la kampani ina.

Wina angaganize kuti ndikunyoza Chinyanja cha mu Lusaka. Ayi ndithu. Munthu wa ku Kalingalinga, amene wakulira pafupi ndi bwalo lakale la City Airport, akati "ndeke" m'malo mwa "ndege" sanalakwe. Mawu onse aŵiri ndi obwereka, gwero lake ndi Chiswahili kumene ndege ndi mbalame, ndipo "ndeke" ndi amene analembedwa pa likulu la kampani yathu. Akati "vinthu" ine n'kuti "zinthu", timamvana. Chinyanja cha m'tauni nachonso chimasiyanitsa bwino lomwe: chili ndi kudoba kwa chinthu chogwa, chili ndi kawalala wa chinthu cha mwini. Mnyamata wa ku Kanyama foni yake ikasololedwa m'minibasi sanena kuti yatengedwa kapena yapezeka m'thumba la wina. Amakuwa kuti "Kawalala!" Mawu olondola amawadziwa chinthucho chikakhala chake.

Mawu akuti chikumbutso nawo tiwasamale. Amachokera ku kukumbutsa, ndipo sikuti chinthu chilichonse chochokera ku ulendo ndi chikumbutso chifukwa chakuti mwachitcha choncho. Mphatso ikhoza kukhala chikumbutso. Chogula chikhoza kukhala chikumbutso. Koma anthu ayamba kugwiritsa ntchito mawuwa ngati chifukwa chotengera: "Ndangotenga chikumbutso." M'chiganizo chimenechi dzina labwino laikidwa patsogolo kuti mneni asafunsidwe, ndipo "-ngo-" uja wabwera kudzachepetsa mlandu.

Pempho langa likupita kwa mabanja amene ali ndi zinthu za Zambia Airways yakale. Antchito ake ambiri akalamba, ena anatisiya. Khalani nawo pansi amene alipo, muwafunse, ndipo mulembe kapepala ka chinthu chilichonse: dzina la chinthucho, chaka, ntchito imene mwini wake ankagwira, ndi mmene chinafikira m'nyumbamo. Lembani kuti anapatsidwa atagwira ntchito zaka zakuti, kapena anagula katundu wa kampani akugulitsidwa, kapena inali yunifolomu yake imene anatsala nayo kampani itatsekedwa. Ngati agogo avomera kuti anaisolola, lembani kuti anaisolola. Zaka zapita, kampaniyo kulibe, ndipo amene adzaŵerenge adzadziwa zoona za mmene anthu ankakhalira ndi katundu wa boma masiku amenewo. Tsiku lina Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996 mu msewu wa Independence, ikadzafuna kuonetsa mbiri ya ndege za dziko lino, funso loyamba la osunga zakale lidzakhala la kumene chinthucho chinachokera, ndipo "tinatenga" sadzawathandiza. Aphunzitsi a Chinyanja m'masukulu a ku Matero ndi ku George nawonso angayambire pomwepa: apatse ana supuni imodzi ndi aneni khumi aja, mwana aliyense apange chiganizo, kenako anene kumene mwini supuniyo anali pamene dzanja linkaigwira.