Tanthauzo la mawu akuti "chivomezi"

Chivomezi, chomwe ena amati chivomerezi, ndi kugwedezeka kwa nthaka kochokera m'matanthwe akuya a pansi pa dziko. Zikachuluka timati zivomezi. Kunjenjemera kwa nyumba kobwera ndi bingu kapena galimoto yolemera si chivomezi ayi.

Chigoba cha dziko lapansi ndi zigawo zikuluzikulu za matanthwe zomwe zimasuntha masentimita ochepa pachaka. Zikakanirirana pa mng'alu, mphamvu imaunjikana mpaka thanthwe litaterereka mwadzidzidzi, nthaka n'kugwedezeka. Uwu ndiye mtundu wofala ndiponso wowononga koposa. Zivomezi zina zimadza chiphalaphala chamoto chikamakankha matanthwe pansi pa phiri lophulika. Zina zimayamba phanga kapena mgodi ukagumuka, kapena madzi akadzaza damu lalikulu, monga zinachitikira ku Kariba.

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake chivomezi chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009, n'kugwetsa nyumba zambirimbiri. Tikamamanga, tiyeni tilimbitse maziko ndi makoma.