Carol: liwu lomwe linabadwira pabwalo la gule

Mukamva liwu loti carol lero, maganizo amathamangira kutchalitchi, makandulo ali m'manja, kwaya itaima chilili. Koma kwawo kwenikweni kwa liwuli ndi kubwalo. Ku France, m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, carole anali gule: anthu ankagwirana manja n'kumazungulira, mmodzi akutsogolera nyimbo, ena onse akuvomera. Amene anaonerapo chimtali sangavutike kumvetsa. Alaliki ambiri a nthawiyo ankadana naye guleyu, ati ngwa mdierekezi.

Liwuli litawolokera ku England, miyendo inayamba kuzizira pang'onopang'ono, n'kutsala nyimbo yokha, ya ndime zingapo ndi kolasi yobwerezabwereza. Nyimbozi sizinali za Khirisimasi zokha ayi. Zinaliko za Isitala, za Mariya, ngakhale za pamadyerero. Cha mu 1426, wansembe wina wosaona wa ku Shropshire, John Audelay, anasiya nyimbo 25 zomwe anazitcha ma carol a Khirisimasi. Mu 1521 Wynkyn de Worde anasindikiza buku la nyimbo zotere ku London. Tsamba limodzi lokha ndi lomwe linapulumuka, ndipo imodzi mwa nyimbo zili pamenepo, musaseke, ndi yoperekezera mutu wa nguluwe wopita patebulo. Mpaka pano amaiimbabe ku Queen's College, ku Oxford, mutuwo uli m'mbale.

Mu 1647 Nyumba ya Malamulo ya ku England inathetsa chikondwerero cha Khirisimasi. Chinabwerera mu 1660, koma nyimbozi zinakhala nthawi yaitali zikusungidwa ndi anthu wamba akumidzi, mpaka Davies Gilbert mu 1822 ndi William Sandys mu 1833 anazitolera m'mabuku. Kenaka mu 1843 Charles Dickens anatcha nthano yake A Christmas Carol, chonsecho si nyimbo. Apa n'kuti liwuli litakwatiwa ndi Khirisimasi, ukwati wake wosatha.

Kutchalitchi linakhazikika mochedwa. Usiku wa pa 24 Disembala 1880, Bishopu Edward White Benson anachititsa mapemphero a mawerengo asanu ndi anayi osakaniza ndi nyimbozi m'kachisi wamatabwa ku Truro. Akuti cholinga china chinali chakuti abambo asakagonere kumowa. King's College ya ku Cambridge inatengera mwambowu mu 1918, ndipo BBC inayamba kuuulutsa mu 1928.

Kuno kwathu ambiri timangoti nyimbo za Khirisimasi, osavutika ndi liwu lachilendolo. Koma taonani kwaya ya amayi ikamalowa m'tchalitchi m'mawa wa Khirisimasi: mmodzi wayambitsa, anzake avomera, mapazi akuseseleka pasimenti, nthungululu kumbuyo. Mmodzi mwa alaliki a ku France aja akanauka, akanamuzindikira gule uja pomwepo.