Salima, Mudzi Umene Unakula ndi Njanji

Ambiri a ife tikamva dzina la Salima timaganiza za chambo, mpunga ndi mchenga woyera wa ku Senga Bay. Koma tauniyi inakula chifukwa cha njanji, ndipo mbiri yake ikutiphunzitsa za m'mene chuma cha mlimi chimakwerera ndi kutsikira.

Njanji yoyamba m'dziko muno inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Panapita zaka zambiri Chigawo cha Pakati chisanaone utsi wa sitima. M'chaka cha 1935 zinthu ziwiri zazikulu zinatha pamodzi: mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndiponso njanji yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka ndi ku Chipoka, nkudzathera pa Salima. Kuyambira pamenepo katundu wokwezedwa pa Salima ankatha kukafika ku doko la Beira osatsitsidwa panjira.

Kukhala pothera njanji ndiwo unali mwayi wa Salima. Fodya wa ku Lilongwe ndi ku Dowa, mtedza ndi chimanga, zonse zinkatsika mapiri pa malole kudzadikira sitima. Mchere, nsalu, makasu ndi palafini zinkatsikira pomwepo nkukwera kumtunda. Pamene pali katundu pamafunika anthu osenza, alonda, makalaliki ndi ophika zakudya. Amwenye anatsegula masitolo, msika unakula, ndipo malo amene anali tchire lotentha anasanduka tauni. Ku Chipoka njanji inakumana ndi nyanja, kotero kuti katundu wa kumpoto ankachoka m'sitima ya pamtunda nkulowa m'sitima ya pamadzi. Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951, inkaima pa doko limeneli.

Koma tiyenera kufunsa kuti analipira njanjiyi ndani. Boma la Nyasaland linasenza ngongole yolemera ya njanji ndi mlatho uja, ndipo mitengo yonyamulira katundu inali yokwera kwambiri. Wogula mbewu akalipira zambiri kunjanji, ankachotsera pa mtengo umene ankapatsa mlimi. Choncho mayi wotola thonje pansi pa dzuwa la m'chigwa, ndi bambo wofunafuna ndalama ya msonkho, ndiwo ankabweza ngongole imene sanaikongole. Thonje lawo linkachotsedwa njere ku jinale nkutumizidwa kunja, kenaka nkubwerera ngati nsalu ya mtengo umene iwo sakanaukwanitsa.

Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma linaika mtima pa ulimi wa m'mbali mwa nyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ntchito ya chitukuko inayamba ku Salima ndi thandizo la dziko la West Germany. Alangizi anafika m'midzi, misewu ndi zitsime zinakonzedwa, ndipo alimi a thonje ndi mpunga anayamba kulandira zipangizo pa ngongole. M'chaka cha 1971 bungwe la ADMARC linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Mlimi anapeza msika pafupi ndi mudzi wake, ndi mtengo wodziwika mbewu zisanakololedwe. Komabe mtengowo unali wotsika poyerekeza ndi umene bungweli linkagulitsira kunja, ndipo phindu lambiri linapita ku minda ikuluikulu ndi ku makampani.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, njanji nayo inatsatira. Ndi thandizo la dziko la Canada inafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, kenaka nkupitirira mpaka ku Mchinji. Salima sanalinso pothera ulendo, ndipo malole a fodya analeka kutsika mapiri monga kale. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma: pasanapite nthawi nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira pamsewu mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Feteleza anakwera mtengo, ndipo ululu wake unamveka m'nkhokwe ya mlimi. M'chaka cha 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, misika yambiri ya ADMARC inayamba kutsekedwa, ndipo wokhala kutali ndi msewu anatsala m'manja mwa wogula aliyense wofika ndi sikelo yake. M'chaka cha 1999 njanji inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways.

M'zaka zotsatira, m'bomali munamangidwa fakitale ya shuga ndi ina yofinya madzi a mango, ndipo m'chaka cha 2021 anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60. Izi nzokondweretsa, pakuti mbewu ikakonzedwera kumene yalimidwa, ntchito ndi ndalama zimatsala komweko.

Komabe, abale athu, mbiriyi itichenjeze. Njanji inakuza Salima pa zaka 44, ndipo itapitirira inatenga gawo la chumacho. Zimene sizinachoke ndi nthaka, madzi a Linthipe ndi a m'nyanja, mpunga wa ku Lifuwu, ndi manja a mlimi. Tikamva za chitukuko chatsopano m'dera lathu, tiyeni tizifunsa mafunso amene makolo athu sanaloledwe kufunsa m'chaka cha 1935: kodi ngongole yake adzabweza ndani? Kodi kamsewu kochokera kumudzi kadzapitika m'dzinja, mitsinje ikadzaza? Ndipo thumba la mpunga likafika pa sikelo, kodi mlimi adzakhala ndi mawu pa mtengo wake? Mafunso amenewa tiwafunse m'makalabu athu a ulimi ndi pamisonkhano ya kwa mfumu, mgwirizano usanasainidwe.